Ndinakulungila Vitumbuwa Mafomu a Mwana Wanga

Inde bambo, mwafunsa za manyazi, ine ndili nawo. Ndimagulitsa vitumbuwa pa Kacholola, sukulu ndinalekela mu Sitandade Wanu. Mwana wanga atamaliza digili ku Lusaka, anadzaza mafomu opempha maphunzilo apamwamba, a nchito yothandiza mabanja ovutika. Anawaika pansi pa mphasa kuti asapindike. Ine, poti mapepala akusowa monga sopo masiku ano, ndinawatenga n'kukulungila vitumbuwa!

Mphunzitsi wina atagula, anabwelela ndi pepala lamafuta. "Amai, dzina ili si la mtsikana wanu?"

Ndinangogwila pakamwa. Mapepala ena anali atapita kale ndi ogula a m'basi ya ku Chipata. Mwanayo sanandikalipile, anangolila, ndiye chimandiwawa mpaka lelo. Malo a maphunzilowo anawapeza ndithu, koma amene anakwela basi kukatenga mafomu ena nthawi isanathe ndi mphunzitsi yemweyo, a Mwanza.