Unga wa Bana Chanda pa Maliro ya Atate

Kale, mafoni yakalibe kuyamba kujambula anthu ogwera mu ngalande, kuseka kunali na eni ake. Iwe Mabvuto, tsitsa foni iyo, nikamba na iwe. Ati mufuna kupanga sewero ya maliro kuti anthu akudziweni? Mverani.

Chaka chimene atate anamira mu mtsinje ku Chanyanya, bwato itagubuduka pokagula nsomba, amai anauma. Sanalire, sanadye, anangokhala pa mphasa pafupi na bokosi, ndipo azimai a ku chechi anaimba mpaka mau kusasa koma iwo osaphethira. Ninawamva na makutu yanga akuuza azakhali kuti mtsinje womwewo uwatenge naonso. Kuchokera apo, akanyamuka olo kupita ku toileti, ine kumbuyo.

M'mawa wa tsiku loika anatulukira Bana Chanda, ndiye kuti amake Chanda, Mubemba wogulitsa tinsomba ta kapenta pa maketi. Chimbuya muchidziwa: pa maliro, Mubemba na wa kum'mawa monga ife amaloledwa kunyozana na kuthirana unga. Anabwera na unga mu mbale, atavala jekete ya atate ya ku njanji, akutsimphina monga mwini jekete, ndipo anagogoda pa bokosi.

"Iwe Phiri, uka! Mbewa zatha kwanu kuti uzikazifuna pansi pa madzi?"

Ninatola njerwa, koma amalume ananigwira dzanja mpaka kuwawa. Bana Chanda anathira amai unga kumutu, nati mwamuna wanu uyu masiku yonse kusamba anali kukana, manje wasamba kamodzi chabe, onani.

Kenaka amai anatulutsa phokoso yoyofya, monga munthu wotsamwa na munga wa nsomba. Ninati basi, apita. Kanshi kunali kuseka. Anaseka, anaseka, kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo pochoka ku manda anadya nshima. Za mtsinje sanazikambenso.

Ku sukulu anatiuza ati munthu amaseka akadabwa, ena ati amaseka akaona mnzake ali pansi iye ali pamwamba. Izo ni za mu mafoni yanu. Ine ninaona manja ya Bana Chanda pa mbale ija, yanali kunjenjemera mpaka unga kutayika. Anali kuyopa kupambana ine, chifukwa nthabwala ija ikanaphonya, tikanaika anthu awiri. Chimene chinaseketsa amai n'chakuti panapezeka wina woyopa nao pamodzi, koma wolimba mtima kutukwana imfa pa maso.

Manje Bana Chanda ali gone ku chipatala, anthu sawazindikiranso. Tsiku lao likafika, wa kum'mawa wofunika kunyamula unga ndine. Nayesa kukonza nthabwala ya Abemba kudya nyama ya anyani, koma nikaganiza nkhope ya Chanda, mwana wao, nilekera panjira.

Sekani bafana, sinikuletsani. Koma mukakafika pamene pali bokosi, yambani mwayang'ana manja yanu. Mabvuto, ngati yako siyanjenjemera, foni ibwerere m'thumba, ukathandize kutunga madzi.