Bokosi la a Miti Si la Salaula

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1968 m'mudzi wina pafupi ndi boma la Katete, ndipo makolo awo anawatcha Benard Dingani Miti. Anali achitatu mwa ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Silas, mwana wa mlongo wawo. Akuti andisankha chifukwa ndinapita ku yunivesite, koma ndikuganiza kuti chifukwa chenicheni n'chakuti lero palibe wamkulu amene akufuna kuima pakati pa bokosi ili ndi amalume a Jameson, akulu awo a malemu. Nonse mwaona kuti galimoto ili panja, manda akumbidwa, koma sitinanyamuke. Nkhani imeneyo ndifikako. Tiyambe ndi mbiri.

Sukulu anayamba mu 1976 ku Katete komweko, nalekezera giredi 9. Aphunzitsi ankadandaula kuti mwanayu amayang'ana madontho a kudenga m'malo moyang'ana pa bolodi. Mu 1987 anabwera ku Lusaka, nakhala kwa achibale ku Matero, kumene anaphunzira kuwongola ndi kupenta magalimoto. Kwa zaka zoposa makumi atatu, ntchito yawo inali yobisa ukalamba. Minibasi yobooka ngati sefa inkalowa m'galaji mwawo n'kutuluka ikunyezimira ngati mkwatibwi. Ena mwa inu mwabwera pa maliro ano pa minibasi zomwezo.

Mu 1994 anamanga banja ndi mayi Ketty, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika, ndipo anasamukira kuno ku Chawama. Mulungu anawapatsa ana atatu.

Mu 2011 kugalaji kunafika a Hillary, mphunzitsi wa ku Mtendere, atanyamula katoni ya tiasilikali tapulasitiki totalika ngati chala chaching'ono, ndi tiakasinja tokwana m'chikhatho. Iwo ndi anzawo amasewera nato nkhondo patebulo Loweruka lililonse, ndi madayisi ndi tepi yoyezera, amuna aakuluakulu a ndevu zawo. Anangopempha kuti awapopereko penti yobiriwira. Malemu anapopera, anayang'ana, n'kukana kupereka. Anati, "Ba Hillary, aba basoja sibanayendeko ku nkhondo. Bachoka ku kichinipate." Ankatanthauza kuti tinali toyera ngati amayi ochokera ku phwando la mkwatibwi. Katoniyo anapita nayo kunyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo tebulo lodyera la mayi Ketty linalandidwa.

Njira zawo zinali zodabwitsa. Kasinja ankayamba amupaka mtundu wa dzimbiri, n'kumunyowetsa, n'kumuwaza mchere, kenako n'kupopera penti yobiriwira pamwamba. Ikauma ankachotsa mcherewo ndi mswachi wakale, ndipo penti inkaoneka yosupuka ngati yapsa ndi dzuwa la zaka khumi. Mayi Ketty anafika pomabisa mchere kuchipinda. Dzimbiri lenileni ankalipanga poviika sitiliwulu yotsukira mapoto mu viniga. Fumbi ankachita kusefa, lofiira la m'mbali mwa msewu wa Kafue palokha, loyera la kumene amayi amaswa miyala palokha. M'mphepete mwa zitseko ankapakamo pensulo kuti paoneke chitsulo chopekeseka. Burashi ankaipukuta pa nsanza mpaka penti itatsala pang'ono kutheratu, n'kuipititsa mopepuka kuti igwire pokwera pokha. Penti yakuda ankaisungunula ngati tiyi wopanda mkaka, n'kuisiya iyende yokha m'makwinya a yunifolomu.

Lamulo lawo linali lakuti litsiro lililonse lili ndi chifukwa chake. Asanagwire burashi ankafunsa kuti madzi amatsikira kuti, dzanja limagwira pati, msilikali ameneyu amagwadira bondo liti. Mu 2016 makondakitala anatsala pang'ono kuwamenya pasiteshoni atawapeza atanjuta kumbuyo kwa minibasi. Ankayesa akuba nyali, pamene iwo ankafuna kuona mmene matope amamwazikira.

Ine funso limene linkandivuta ndi ili: munthu amene masana amabisa dzimbiri, n'chifukwa chiyani madzulo ankalipanga? Nditawafunsa anati, "Chinthu cha nyowani chilibe nkhani. Masana nimafafaniza nkhani kuti bana badye, kumadzulo nimazibweza." Mpaka lero sindikudziwa ngati limenelo linali yankho, kapena ankangofuna ndiwachokere pa kuwala.

Mu 2023 anayamba kuvutika ndi chifuwa. Madokotala anati mapapo awo anaonongeka ndi mpweya wa penti wa zaka zambiri. Anagonekedwa m'chipatala kawiri. Mu Januwale chaka chino anaitana mayi Ketty ndi Deborah, mwana wawo woyamba, amene anatengera luso lonseli, nawauza kuti, "Musakaniike mu bokosi yonyezimira monga fuliji ya mu shopu. Ine nasebenza, nagwira nchito moyo wanga wonse. Bokosi ikaoneke kuti ali mukati anasebenza." Mayi Ketty anawayankha kuti matenda afika kumutu, koma analonjeza. Malemu anatisiya Lamulungu pa 9 Febuluwale 2025, ali ndi zaka 56.

Tsopano ndafika paja. Bokosi ili linagulidwa latsopano Lolemba. Deborah, a Hillary ndi anzawo a masewera anagwirapo ntchito masiku awiri m'galaji ya malemu. Litafika m'mawa uno, a Nkole, mnzawo wa malemu wa Chibemba, anachita za chimbuya monga mwambo umawalolera kutiseka ife a kum'mawa pa maliro. Anafuula, ngati akunena za zovala zakaunjika, kuti, "Imwe, mbeba mudya, manje na bokosi mwagula ya salaula!" A m'tauni anaseka. A ku Katete sanaseke. Posakhalitsa nkhani inali itafika kumoto kwa ophika yakuti mayi Ketty agula bokosi lofukulidwa kumanda. Amalume a Jameson alamula kuti thupi silinyamuka mpaka pabwere bokosi lina, ndiponso kuti mlamu wawo ayankhe mlandu wonyozetsa banja. Mayi amene akhala akusambitsa ndi kudyetsa wodwala zaka ziwiri, ndi awo akhala apo, sakutha kudzutsa mutu.

Ndikupempha kuti tiliyang'ane bokosili mmene malemu ankayang'anira zinthu. Bokosi lotuluka m'nthaka likanakhala ndi dothi pamwamba, pa chivundikiro. Ili pamwamba lili ndi fumbi chabe. Matope ali m'munsi, omwazikira chakumbuyo, ngati linkathamanga m'madzi a Chawama nthawi ya dzinja. Onaninso zogwirira. Bokosi limanyamulidwa tsiku limodzi, la salaula mwina masiku awiri. Zogwirira izi zapekeseka ngati chitseko cha minibasi chimene chagwidwa ndi Lusaka yense. Mizere ya dzimbiri pansi pa misomali yatsika molunjika, monga pa chinthu chimene chakhala panja mvula n'kumachikwapula, ndipo m'manda mvula sikwapula choncho. Kumutu, mbali ya kumanja, kuli kadontho ka penti yabuluu, kofanana ndi kamene sikankachoka pa chala chawo chachikulu. Amene akukayikabe asendere pafupi anunkhize, amva fungo la penti. Bokosi limeneli silinalowepo m'manda. Ngati pali mlandu, ndi wa Deborah, wakuti anaphunzira bwino kuposa mmene maliro amafunira.

Sindikunena kuti amalume alakwa kukwiya. Kwathu bokosi lokongola ndi ulemu womaliza, ndipo iwo ayenda ulendo wautali kuti adzaike mng'ono wawo mwaulemu. Malemunso anasankha ulemu wawo, akadali ndi nzeru zawo zonse. Maulemu alipo awiri, koma bokosi ndi limodzi.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Ketty, ana atatu, Deborah, Levy ndi Marjory, zidzukulu ziwiri, akulu awo a Jameson, ndi alongo awo awiri. Asiyanso gulu la tiasilikali khumi lomwe sanalimalize, loyera bwino, lomwe a Hillary akuti sadzalitengera ku nkhondo.

Banja likuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi amene akhala pamoto kuyambira Lolemba, anzawo a kugalaji amene atibwereka magalimoto, anamwino amene anawasamalira, ndi inu nonse oyandikana nawo nyumba. Tikuthokozanso achimbuya athu chifukwa cha nkhuni ndi madzi. A Nkole akuti akanapepesa, koma mwambo suwalola.

Amalume a Benard, manja anu apume, mzimu wanu uuse mumtendere.

Koma kuti munthu ause, ayenera kaye kufika kumene akukausa. Mitambo ikubwera, ndipo msewu wa kumanda mukuudziwa. Amalume a Jameson, mlamu wanu wasunga mawu a mng'ono wanu, ndipo anyamata aima pa zogwirira. Tinyamule, kapena tisanyamule?