Amene Anadwalitsa Adzaona

Galu wa Bernardo, dzina lake Adzaona, atayamba kusanza, maso ali chikasu, mwini wake sanachedwe kupeza wolakwa, monga timachitira ife amuna a ku Mitande. Anakatukwana Nasser woyandikana naye kuti wathira poizoni, ndipo lero anali ndi galuyo ku Mandimba kwa mayi Gracinda a zaziweto, kudzatenga pepala loti apite nalo kupolisi.

"Zotsatira za magazi a Adzaona zabwera," anatero mayi Gracinda. "Chamudwalitsa chapezeka."

"Eyaa! Werengani dzina, mayi. Mokweza."

"Leptospira."

Bernardo anakanda m'mutu. "Mankhwalawo? Nasser anakagula ku Cuamba eti?"

"Sagulitsa, bambo. Ndi kachilombo kopiringizika ngati chingwe. Ndi maso simungakaone."

"Ndendende! Munthu uja zake n'zamseri."

"Kamakhala m'mkodzo wa makoswe."

"Ha! Mpaka kukama makoswe? Nkhanza zake!"

Mayiwo sanaseke. Anatenga cholembera. "Galuyu amamwa kuti madzi?"

Apa Bernardo anakhala tsonga, poti nkhani inafika pa luso lake.

"Mayi, ine sinditaya kanthu. Pansi pa nkhokwe ndinatchera ndowa ya madzi, kathabwa pamwamba, gaga kunsonga. Khoswe akaponda, phava! Usiku umodzi asanu."

"Madziwo mumataya?"

"Nditaye? Chitsime chili kutali. Adzaona amamwa momwemo."

"Makoswewo?"

"Ndiwo zake. Chaka chino sindinamuphikireko."

Mayi Gracinda analemba mizere iwiri. "Ndiye wapezeka."

"Nasser?"

"Wotchera ndowa."

Kunja njinga ya kabaza inaliza belu. Bernardo anayang'ana galu wake, galu n'kuyang'ana kumbali. Manyazi anamugwira, koma si munthu wogonja msanga.

"Pepalalo silingakonzedwe pang'ono? Nasser ndinamutukwana pamaso pa anthu, mayi. Ndinatchula ndi amayi ake omwe."

"Makina anena zimene aona. Adzaona timubaya jakisoni, achira mukasiya kumumwetsa msuzi wa makoswe. Nanga makoswe akufawo mumavuula ndi chiyani?"

Bernardo anabisa manja kumbuyo.

"Kachilomboka kamalowanso mwa anthu, makamaka pabala. Mutu sukuwawa?"

"Kuyambira Lachiwiri," anayankha motsitsa mawu.

"Kupolisi kusiyeni. Pitani kuchipatala lero lomwe."

Bernardo ananyamuka mwaulemu, chipewa m'manja. Atafika pakhomo anaima, nkhope n'kuwala ngati wapeza mbuzi yotayika.

"Mayi, lembani Nasser basi. Ndowayo ndinabwereka kwa iye!"