Mbiri ya a Pensulo, Eni Ake a Mizere Isanu ndi Umodzi

Abale ndi alongo, tikuperekeza bambo athu amene tonse tinkawatchula kuti a Pensulo. Anabadwa m'chaka cha 1951, m'nyumba yoyang'anana ndi siteshoni ya sitima. Sukulu analekezera Folomu 2, koma pa kalembedwe ankakonza ngakhale aphunzitsi awo. Anamanga banja ndi mayi athuwa mu 1976, ndipo anatumikira ngati mlembi wa mpingo zaka khumi.

Ntchito yawo inali yokonza zolakwika kunyuzipepala, komwe ine ndinawapeza ndikuyamba utolankhani. Tsiku lina mlembi wina wa mabuku atamwalira, pansi pa nkhani ya maliro ake panatsala kampata. Pomwepo panatuluka kandakatulo ka mizere isanu ndi umodzi, kopanda dzina, monga zimakhalira ndi zotsekera mpata. Kankanena za magalasi osiyidwa patebulo ndi mphaka wogona pampando wa mlembiyo.

Eee, makalata ake! Anachita kusefukira miyezi itatu. Ena ankati mphakayo ndi imfa, ena ankati ndi ife owerenga aulesi, ndipo namwino wina analemba kuti analira mu basi mpaka kupitirira potsikira. Ine ndinadzaza tsamba lathunthu kuti mphakayo ndi mbiri yotsala mwini atapita. A Pensulo anandiuza mwaulemu kuti mwina anali mphaka basi. Ndinawayankha anthu onse mu ofesi akumva kuti iwo azisamala za mpumiro ndi mpatuliro, ndakatulo atisiyire ophunzirafe. Anangomwetulira n'kupitiriza kusongola pensulo yawo, ine osapepesa mpaka lero.

Anadwala matenda a shuga zaka zinayi, ndipo anatisiya Lachiwiri m'mawa kuchipatala.

Dzulo mayi anandiitana n'kundipatsa kapepala kamene kanali m'Baibulo la malemu. Anthuni, mizere ija, dzanja lawo lenileni! Akuti malemuwa ndi amene ankakasiya mapepala a kuntchito kunyumba kwa mlembi wa mabuku uja, ndipo mphakayo anamuona ndi maso awo. Mundikhululukire, mtima wanga ukudumpha ndi chimwemwe pamaliro. Mlakatuli amene tinamufunafuna zaka zonsezi tinkamwa naye tiyi tsiku ndi tsiku!

Bambo, ndinakunyozani pagulu, ndiye ndikupepesanso pagulu. Ndinalakwa, pepani.

Asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo mmodzi, ndi ine amene ndachedwa kuwagwira mwendo. Ambuye awalandire, apumule mu mtendere.