Mneni wa kanyenyezi ndi sitima ya ku Aberdeen

— Halo?

— Halo, Anti Sellina, ndine Tisunge. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera. Kaya iwe?

— Bwinobwino. Miyendo ija ili bwanji lero?

— Ikuyenda. Ankolo akonso ali bwino, ngakhale sunafunse. Uli kuti?

— M'tauni.

— M'tauni! Abwana anga kunyumba yosamalira okalamba akudikira m'mawa wonse. Ndinawagwadira ine kuti akuyese ntchito, ndikuti mwana wa mchimwene wanga ndi waulemu. Ndiwayang'ana bwanji mawa?

— Pepani. Koma Anti, mukanamva zimene Micah wandiwerengera...

— Mzungu wa tsitsi losapesa uja?

— Amaphunzira zilankhulo zakale. Pali mneni wina, bīdaną, wa chilankhulo chimene chinabala Chingerezi ndi Chijeremani. Tanthauzo lake ndi kudikira. Ukanena zakale umasintha m'kati mwenimweni, n'kukhala baid. Ndipo muzu wake ndi kukhulupirira, Anti! Tangoganizani!

— Bida chiyani?

— Azigogo achiskoti amanenabe kuti bide. Mawu amenewo ndi mdzukulu wa mneni uja.

— Ndiye abwana anga ndikawauze kuti bide? Amalankhula ndani chilankhulo chakocho?

— Palibe. Anatha kalekale, sanalembe n'komwe. Akatswiri anachita kufananiza mawu a zilankhulo zapachibale mpaka kumupeza. N'chifukwa chake amaika kanyenyezi kutsogolo kwake, kusonyeza kuti palibe anamuona atalembedwa.

— Ehe! Ngati malonjezo a Micah wakoyo. Uwaikenso kanyenyezi.

— Inutu simunamvepo chinthu chokoma mtima n'kugunda!

— Ine? Ndinakutenga ku Chileka uli ndi mamina, ndakulera kuno kwa Askoti, mu Govanhill muno, lero ndine wopanda mtima? Taima. Akulengeza chiyani kumbuyoko?

— Netiweki ikuvuta...

— Usandipusitse. Imeneyo ndi siteshoni.

— Ndili pa Queen Street. Ndakwera kale sitima ya ku Aberdeen. Andipatsa malo payunivesite, Anti. Zilankhulo, osati unamwino.

— Ndi Micah?

— Ali pompano.

— Mupatse foni.

— Ayi.

— Tisunge, tsika. Dikira chaka chimodzi chokha, ugwire ntchito, tikambirane ndi bambo ako ngati anthu.

— Chaka chatha munatinso chaka chimodzi. Ndatopa n'kudikira!

— Wakonda mawu a kudikira, kudikirako kwakukanika. Mvera bwino. Sitimayo ikanyamuka nawe, kiyi wa nyumba yanga unditumizire pa positi.

— Ndamusiya pamwamba pa filiji.

— Pamwamba pa filiji...

— Anti? Mulipo? Zitseko zatsekedwa. Tikulowa m'njira ya pansi pa nthaka tsopano, foni idu...

— Pita! Ukadye mneniyo! Kutchalitchi Lamulungu ndikanena kuti... Halo? Tisunge? Iwe, jekete lako la nyengo yozizira lili pano kuseri kwa chitseko. Ku Aberdeen upita ndi chiyani? Halo?