Ndithamangitseni m'Chingoni

Zaka zija matipate atangobwera kumene, aliyense atayamba kulankhula zakukhosi, kuno kwa Nzama anthu anakumbukira kuti ndi Angoni, ndipo zishango zimene zinkangodyedwa ndi njenjete kudenga zinatsitsidwa. Inu ana, musaleke kusankha mbatatesizo, ine ndikufuna makutu okha.

Nthawi imeneyo anamwalira a Biliati, mnzanga amene ndinkaweta naye ng'ombe. Tinapangana kalekale kuti wotsala adzavinira mnzake ngoma pamaliro. Lero mumangoimba kwaya n'kubalalika, koma kale mwamuna sankapita kumanda anzake osamupondera pansi.

Nditangonyamula chishango, a Kamtedza, mkulu wa ovina, ananditsekera njira. "A Phiri, khalani pansi. Agogo anu anachita kugwidwa pankhondo. Ngoma ndi ya eni ufumu."

Mtima unandiwawa, ana inu, bokosi la mnzanga lili pomwepo, anthu onse maso ali pa ine. Ndinati, "A Kamtedza, kodi ufumu mukunenawo unayamba bwanji? Amene anachoka kum'mwera anali ochepa, ndipo m'njira monse ankatola anthu, amuna n'kuwapatsa chishango, akazi n'kuwakwatira, mpaka fuko linadzaza mapiri onsewa. Ufumu unakula ndi otoledwa. Koma chabwino, ndichoka. Changa n'chimodzi: ndithamangitseni m'Chingoni."

Ha! Bambo aja anayang'ana anzawo, anzawo akuyang'ana pansi, pakuti tonsefe tinayamwa Chichewa kwa amayi ogwidwa omwewo. Thukuta lili kamukamu, anafufuza m'mutu, ndipo liwu limodzi lokha la Chingoni limene analipeza analikuwa ndi ukali wonse: "Bayete!"

Iwe Tadala, usandiyang'ane choncho, umadziwa kuti liwu limenelo timalonjera nalo mfumu yaikulu yokha. Pamaliro paja anthu anaphulika kuseka, misozi ikadali m'masaya. Mkazi wa malemu anadzuka pamphasa nati, "Mwawalonjera kale ngati mfumu, achimwene. Apatseni njira akavinire mnzawo."

Ndinavina, ana inu! Ndinaponda pansi ndi mawondo awa, amene lero akukana ngakhale kukwera ngolo, ndipo a Kamtedza, manyazi atawathera, anadzaima pambali panga n'kumayankha nyimbo. Mnzanga ndinamuperekeza monga tinapanganira.

Choncho inu, munthu akadzafika pabwalo panu, musamayambe ndi kufunsa kuti agogo ake anabwera bwanji. Mupatseni chishango, muone mmene akupondera.