Tsiku limene Tamanda anatengedwa pa geti

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse. Ine ndine mphunzitsi wa ana aang'ono pa sukulu ina ya pulayiveti ku Area 3, zija zotsatira maphunziro akunja, kumene ana amabwera pa galimoto. Ndikufuna ndichitire umboni za tsiku limene mwana wa m'manja mwanga anasowa, mlandu n'kugwera ine.

Sukulu yathu inkayenda bwino nthawi ya Mayi Gondwe, ahedi athu akale. Anali ovuta, sindinama, koma ankadziwa mwana aliyense ndi dzina, ngakhalenso munthu womutenga poweruka. Anayambana ndi a bodi, eni sukulu, chifukwa chokana kulemba ntchito abale awo opanda mapepala, ndipo anawachotsa pakati pa teremu. Ahedi atsopano anali mlamu wa wapampando wa bodiyo. Aphunzitsi odziwa ntchito anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Alonda akale anachotsedwa, pa geti n'kuikapo bambo wina wakumudzi kwa ahediwo amene sanauzidwe lamulo lililonse. Ine anandiwonjezera kalasi ina pamwamba pa yanga, ana amene makolo awo sindinkawadziwa n'komwe. M'mawa uliwonse ndinkadandaula kuti, Ambuye, mwalola bwanji munthu wabwino achotsedwe chonchi?

Lachisanu lina poweruka ndinali m'kalasi yanga yakale, ndikuthandiza ana kulongedza. Nditapita ku kalasi inayo ndinapeza mayi wina ataima pakhomo, atangofika kuchokera kuntchito ku Capital Hill. Anali mayi ake a Tamanda, kamtsikana kofatsa koopa ngakhale nyerere.

"Aphunzitsi, mwana wanga ali kuti?"

Ndinayang'ana m'kalasi, kuchimbudzi, kubwalo lamasewera. Zii. Chikwama chakenso panalibe.

Tinathamangira ku geti. Mlonda uja anayankha mtima uli m'malo kuti Tamanda wapita ndi malume ake. "Mwanayo wawadziwa ndithu. Nanga mwini mbumba ine ndikanawakaniza bwanji?"

Mayi aja anangokhala pansi pafumbi ndi suti yawo yakuofesi. Mchimwene anali nayedi, wokhala kufupi ndi malire ku Mchinji, koma anadana. Bambo a Tamanda ndi akumpoto, ndipo mchimweneyo ankalumbira kuti mwana wa mlongo wake ndi wa mbumba yake, adzamutenga akakulire kumudzi ngakhale kuwoloka naye malire. Mayi Gondwe ankazidziwa, alonda akale ankazidziwa. Ife otsala palibe anatiuza.

Ahedi anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Za mwana sanafunse. Anati, "Apolisi akabwera munene kuti mwamupereka ndinu. Mlonda musamutchule, sukulu isamveke. Mukatero tidzakuthandizani."

Abale, ndinachita mantha, mantha enieni. Ndinadziona ndili m'chitokosi cha apolisi, ana anga akundidikira kunyumba. Koma chimene chinkandipha kwambiri ndi Tamanda. Ndinkamuona ali pawindo la basi, akufunsa kuti amayi ali kuti, basi ikuthamanga kuloza kumalire. Akawoloka, tikamupeza kuti?

Ndinatuluka mu ofesimo. Ndinakalowa m'kalasi n'kugwada pakati pa timipando ta ana. Ine ndimatsogolera mapemphero a amayi kutchalitchi, koma tsiku limenelo mawu onse anathawa. Ndinkangobwereza kuti, Yesu, mwanayo asakwere basi. Chonde asakwere basi.

Ndili chigwadire, foni inalira. Anali Mayi Gondwe. Ndinatsala pang'ono kuidula, poti ndinalibe mphamvu yocheza ndi munthu. Nditayankha, ndinamva mawu awo aja a ukali.

"Aphunzitsi, Tamanda akutani kudepoti ndi yunifolomu? Mwamutulutsa ndi ndani?"

Ndinangolira.

Mayi Gondwe anali atalandidwa nyumba ya sukulu, ndipo tsikulo anali kudepoti ku Old Town ndi zikwama zawo, akudikira basi yopita kwawo kumpoto. Pakati pa chipiringu chonse chija anaona yunifolomu yathu, mwana akukokedwa dzanja kupita ku minibasi za ku Mchinji. Anakuwa dzina lake monga ankachitira pa asembule, ndipo Tamanda anapulumuka m'dzanja la malume n'kuwathamangira. Malumewo atayamba kukalipa kuti mwana ndi wawo, Mayi Gondwe anangoti, "Ngati ndi wanu, tidikire mayi ake pompano." Amayi ogulitsa nthochi ndi makondakitala anawazungulira, ndipo malume aja anazemba osatsazika.

Tinanyamuka kupita kudepoti pa galimoto ya mayi ake a Tamanda. Pamlatho panali mdipiti wa magalimoto, moti mayiwo anaisiya pambali, tonse n'kuyamba kuthamanga wapansi, iwo nsapato zili m'manja. Tinam'peza Tamanda atakhala pa chikwama cha Mayi Gondwe akudya nthochi. Basi ya Mayi Gondwe inali itapita kalekale, koma sanadandaule.

Apolisi atandifunsa ndinanena zoona zokhazokha. Ndinkadziwa kuti ntchito ikhoza kundithera pomwepo. Koma makolo atamva nkhaniyi anaitanitsa msonkhano ndi a bodi, ndipo amene anachoka si ine, ndi ahedi aja. Sikuti zonse zakonzeka, ayi, aphunzitsi akadali operewera. Koma pa geti tsopano satulutsa mwana kwa munthu amene makolo sanamutchule, kaya ndi malume kaya ndi agogo.

Ndikuyamika Mulungu amene anamva pemphero losalongosoka la munthu wamantha. Inu amene mukugwira ntchito pansi pa mabwana okuuzani kuti muname, limbani, musasiye kupemphera ngakhale mawu atatha. Sindikunena kuti kuchotsedwa kwa Mayi Gondwe kunali kwabwino. Akanakhalapo, Tamanda sakanatuluka pa geti paja. Koma anthu atawachotsa pa geti la sukulu, Mulungu anakawaimika pakhomo la basi. Dzina lake lilemekezeke. Amen.